Magemu a zilapi za sayansi: yankho langa kwa bambo wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene amagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Dzina ndasunga poti sanandiuze kuti ndilitchule. Akuti anagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mnzawo wochokera ku Joni, ndipo mwana wawo wamkazi, amene ali Fomu 2, sakuwapumitsa. Akufuna amuikiremo gemu imene anaionera kachidutswa pa foni ya mnzake, ya munthu wotsekeredwa m'nyumba ya sayansi amene amaboola makoma ndi mfuti kuti atuluke. Iwo magemu amene amawadziwa ndi a mpira ndi omenyana basi. Funso lawo analilemba chonchi: "Kodi magemu amenewa ubwino wake n'chiyani, ndipo kuipa kwake kuli pati? Ndiwonongerepo bandulo ndi ndalama? Amuthandiza pa sukulu kapena angomudyera nthawi?"

Achimwene, zikomo pondilembera, ndipo pepani kuti ndachedwa. Ndinafuna ndiyankhe nditakhala pansi, chifukwa mwakhudza pamene pali mtima wanga. Gemu imene mtsikana wanu anaona ndi Portal, imeneyo sindikukayika. Inatuluka mu 2007, yopangidwa ndi kampani ya Valve ya ku America. Ili m'gulu la magemu amene amaphika zinthu zitatu mumphika umodzi: nkhani yopeka ya sayansi, monga ya maloboti, mapulaneti kapena kompyuta yoganiza yokha, ulendo wofufuza malo achilendo, ndi zilapi zoti umasule kuti khomo lotsatira litseguke. Kuombera ndi kuthamangitsana kumakhala kochepa, nthawi zina kulibiretu. Ntchito yaikulu imachitika m'mutu.

Ndagwiritsa ntchito mawu oti zilapi mwadala. Tili ana kwa agogo ku Limbuli, tikatha kudya madzulo wina ankati "Chilapi!" ife n'kuyankha "Nachize!" Iye n'kuti, "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Tinkazunguza mitu, wina chakuti, wina chakuti, mpaka kugonja. Yankho likatuluka kuti dzira, palibe ankadandaula kuti waberedwa. Dzira tinkaliona tsiku lililonse m'khola la nkhuku. Linali pamphuno pathu pomwepa, ife n'kumayang'ana kutali. Koma tinali ndi msuweni wina amene zilapi zenizeni zikamuthera ankapeka zake, zoti yankho ankalidziwa yekha. Akaulula, m'malo mofuula kuti "Eetu!" tonse tinkati, "Nanga tikanadziwa bwanji?" Pasanapite nthawi tinkabalalika, masewera n'kuthera pomwepo.

Ubwino ndi kuipa kwa magemu amene mukufunsawa kuli pakati pa "Eetu!" ndi "Nanga ndikanadziwa bwanji?" Ndipo zonse ziwiri zimachokera pa muzu umodzi: m'nkhani ya sayansi yopeka, wopanga gemu ndiye amapeka malamulo a dziko lonselo.

Ndiyambe ndi chimene ndinaona ndi maso anga. Ine ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa Chitakale. Mu June wina, chiperoni chitatseka phiri lonse osaoneka ngakhale tsinde, makasitomala anasowa, ndipo mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Sitandade 7, anabwera kudzacheza. Ndinamuyatsira Portal pa laputopu yanga. M'gemuyi umapatsidwa mfuti yosapha munthu. Imaboola zibowo ziwiri, chabuluu ndi cha olenji. Ukalowa m'chimodzi umatulukira m'chinzake, kaya chili padenga kaya kuseri kwa dzenje. Lamulo ndi lomweli, ndipo zipinda zoyesera 19 za m'gemuyi zamangidwa pa ilo.

Anadutsa zipinda zoyambirira mosavuta mpaka anafika pa china chimene khomo lake lili kutali komanso pamwamba, pakati pali phompho. Kudumpha sikufika. Pafupi ndi khomo, makoma ake ndi achitsulo chakuda chimene mfuti siboola. Anayesa, nagwa, nayesa, nagwa. Ine ndinkasodelera pa foni ya munthu, ndikumuyang'ana ndi diso limodzi, pakamwa pakundiyabwa kuti ndimuuze. Patapita mphindi ngati makumi awiri anasiya mausi, naimirira, natenga kachitsekerero ka botolo n'kukagwetsa kuchokera m'mwamba. Anakayang'ana. Kenako anati, "Amalume, munthu akagwa kuchokera patali amathamanga kwambiri. Ndiye ndikagwera m'chibowo cha pansi, liwiro lija silitha ayi. Ndikatulukira pakhoma ndiuluka ngati mwala wa pa legeni." Anakhala pansi, naika chibowo chimodzi pakhoma lalitali, china pansi pa phompho, nadziponya. Anauluka chipinda chonse n'kukatera pakhomo penipeni. Kufuula kwake, mayi ogulitsa nthochi pakhonde anasuzumira kuti kwagwanji.

Palibe anamuuza. M'gemumo mulibe tsamba lofotokoza zimenezi ndi masamu. Zipinda zam'mbuyo zinamukonzekeretsa pang'onopang'ono osadziwa, monga momwe mayi amasiyira mwana chikombe cha m'manja mwake asanamupatse mthiko wa mphika waukulu. Opanga Portal anaikamo gawo limene iwo eni amafotokoza momwe ankagwirira ntchito, ndipo amabwerezabwereza kunena kuti ankaitana anthu kudzasewera, n'kumaona pamene akusokonezeka, n'kukonzanso chipindacho. N'chifukwa chake ukakanika mu Portal umadziwa mumtima kuti yankho lili m'chipinda momwemo.

Apa ndiye pali mphamvu ya sayansi yopeka imene anthu ambiri saiona. Gemu ya zilapi yochitikira m'nyumba wamba ya ku America imayembekeza kuti ukudziwa za kwawoko: bokosi lawo la makalata, masewera awo, nthabwala zawo. Mwana wa kuno amayamba ali kale m'mbuyo. Koma mfuti yoboola makoma palibe anaigwirapo, kaya wa ku London kaya wa ku Bvumbwe. Onse amayambira pa mzere umodzi, ndipo wopanga gemu amakakamizika kukuphunzitsa chilichonse kuchokera pansi. Ine chimenechi ndimachilemekeza kwambiri.

Gemu imene inafikitsa zimenezi patali kuposa ina iliyonse imene ndinasewerapo ndi Outer Wilds, ya mu 2019. Inayamba ngati ntchito ya kusukulu ya wophunzira wina, Alex Beachum, pa yunivesite ya Southern California, ndipo mu 2020 inalandira mphoto ya BAFTA, ya ku Britain, ya gemu yopambana pa chaka. Umadzuka pafupi ndi moto pa pulaneti yaing'ono ya nkhalango, uli wa mtundu wa anthu a maso anayi, tsiku lako loyamba kuulutsa chombo cha mumlengalenga. Pakatha mphindi 22 dzuwa limaphulika, zonse n'kupsa, iwe n'kudzukanso pa moto womwe uja. Mobwerezabwereza. Palibe mfuti yatsopano imene umapeza, palibe kiyi, palibe mphamvu yowonjezera. Chimene umatenga kuchokera pa ulendo wina kupita pa wina ndi zimene waphunzira zokha.

Mapulaneti ake sakhala phee. Pali awiri oyendera limodzi, mchenga ukuchoka pa ina n'kumathira pa inzake, moti mapanga amene ali otseguka pa mphindi zoyamba amakhala atakwiririka kumapeto, pamene kwinako nyumba zimene zinali pansi pa mchenga zimayamba kuoneka. Pali ina yobooka m'kati imene ikugumuka chidutswa ndi chidutswa kugwera m'dzenje lakuda lili pakati pake. Pali ina ya nyanja yokhayokha, akamvuluvulu ake amanyamula zilumba kuziponya kumwamba. Ndipo paliponse pali zolemba za mtundu wina wakale, a Nomai, amene anafa kalekale akufunafuna chinachake. Ukawerenga pakhoma la pulaneti iyi kuti iwo ankalowa bwanji m'malo akutiakuti, umathamangira ku chombo chako mtima uli m'mwamba, chifukwa malowo unawadutsa dzana osadziwa kuti pali njira.

Ndikamaiganizira ndimakumbukira anyamata operekeza alendo m'phiri pa Likhubula. Mlendo ndi woperekeza amaponda miyala yomweyo popita ku Chambe kapena ku Lichenya. Woperekeza alibe miyendo inayi. Amangodziwa kuti mtsinje uwu suoloka mvula ikagwa kumtunda, kuti nkhungu ikayamba kutsika chakuti muyenera kufulumira, kuti thanthwe ili limaterera m'mawa. Sapitwa, ndi mamita ake 3,002, sasintha. Amene amasintha ndi munthu wokwerayo. Outer Wilds inamangidwa chonchi, moti munthu wodziwa zonse angathe kuimaliza pa ulendo umodzi wa mphindi zosakwana 22, pamene woyamba kumene imamutengera masiku ambiri. Ndinaimaliza usiku, ndipo ndinakhala nthawi yaitali osayatsa nyali, ndikungoganiza.

Tsopano kuipa kwake, ndipo sindibisa, chifukwa mwafunsa ngati kholo.

Ufulu womwe uja wopeka malamulo ndi umenenso umawononga. Wopanga gemu waulesi, kapena wothamangitsidwa ndi nthawi, amabisala kuseri kwa mawu oti "ndi makina a zolengedwa za kwina, sungawamvetse." Amakuika patsogolo pa mabatani asanu owala opanda chizindikiro, ndipo yankho lili m'mutu mwake mokha. Ndi msuweni wathu uja. Chitsanzo chotchuka ndi The Dig ya mu 1995, imene ganizo lake linachokera kwa Steven Spielberg, wopanga mafilimu wotchuka wa ku America. Nkhani yake ndi yokoma: chimwala chachikulu chikubwera kudzagunda dziko, anthu atumidwa kukachikhotetsa, n'kupezeka atengedwa kupita ku pulaneti yachilendo. Nyimbo ndi zithunzi zake mpaka lero zimagwira mtima. Koma muli malo amene umayenera kulumikiza mafupa a chinyama chonga kamba, fupa lililonse pamalo pake ndi mopendekera mwake, ndipo okonda magemu awa akhala akudandaula za malo amenewo kwa zaka zambiri. Umakhala utamvetsa bwinobwino chimene akufuna, koma gemu osavomera chifukwa kafupa kamodzi katembenuka pang'ono.

Akale ena anali ankhanza kuposa pamenepo. Mu Space Quest yoyamba, ya mu 1986, munthu wina amafuna kukugula kagalimoto kako kouluka. Ukavomera mtengo woyamba, gemu imapitirira bwinobwino ngati palibe chalakwika. Patsogolo ndithu m'pamene umapeza kuti sungapitirire, chifukwa chida chofunika ankachiwonjezera pa mtengo wachiwiri ukanakana woyambawo. Munthu wozolowera msika wa Limbuli mwina akanakana mtengo woyamba mwachibadwa, koma gemu sinakupatse chifukwa chilichonse choganizira zimenezo. Mu 1989 Ron Gilbert, amene ankapanga magemu ku kampani ya Lucasfilm, analemba nkhani yodzudzula khalidwe limeneli, yoti wosewera asamaponyedwe m'njira yotsekeka osadziwa, ndipo magemu ambiri a pambuyo pake anamvera. Koma nthendayi sinatheretu. Mukamasankha, kumbukirani kuti kukalamba kwa gemu kapena kutchuka kwake si umboni woti ndi yachilungamo.

Vuto lina ndi lobadwa nalo, ngakhale m'magemu abwino. Nkhani imafuna kuyenda, chilapi chimafuna uime. Gemu ikukuuza kuti chombo chiphulika posachedwa, fulumira, koma iwe wakhala masiku atatu ukuzungulira m'chipinda chimodzi, kanyimbo komweko kakubwerezabwereza. Pofika pamene khomo litseguke, waiwala amene umakapulumutsa. Gemu ya mpira ukagonja umayambiranso, mluzu n'kulira. Iyi ukakanika, yaima basi.

Pamenepo m'pamene dzanja limapita ku YouTube, ndipo mumaluza kawiri. Bandulo yapita, komanso chinthu chokhacho chimene gemuyo inali nacho, chisangalalo chija cha mwana ndi kachitsekerero ka botolo, chabedwa ndipo sichibwereranso. Ine lamulo langa ndi loti ndikakanika ndizime, ndigone. Kawirikawiri yankho limandipeza m'mawa ndikusamba kapena ndili pa njinga. Njira ina, imene ndikuona kuti ndi yathu kwambiri, ndiyo kusewera pagulu. Magemu amenewa anawapangira munthu mmodzi wodzitsekera m'chipinda, koma ife si mmene timasewerera. Onani bawo pansi pa mtengo: osewera ndi awiri, alangizi khumi. Mmodzi agwire mausi, ena akhale m'mbali kuponya maganizo. Zilapi zimene zimandidyera sabata ndili ndekha zimagwa madzulo amodzi tikakhala atatu. Portal 2, ya mu 2011, ili ndi gawo lonse lopangidwira anthu awiri, maloboti awiri ndi zibowo zinayi, moti wina akapanda kumvera mnzake palibe amene adutse.

Za chilankhulo nazo musazipeputse. Pa magemu onse ndikutchula pano palibe imene ili m'Chichewa. Outer Wilds ndi yowerenga kwambiri, ndipo mwana akadumpha zolemba ndiye kuti wadumpha gemu yonse. Mu Portal muli kompyuta yolankhula, GLaDOS, imene imakuyamikira ndi mawu ozuna, kukulonjeza keke, pamene ikukukonzera zoopsa. Kukoma kwa nkhaniyo kuli m'kamvekedwe ka Chingerezi chonyodola, chimene mwana wa Fomu 2 angachimve theka. Zilapi zake azimasula ndithu, koma theka la nkhani limudutsa. Muyatsireni mawu olembedwa pansi pa sikirini, zimathandiza.

Yolemera kuposa zonse pa mbali imeneyi ndi The Talos Principle, ya mu 2014, yopangidwa ndi Croteam ya ku Croatia. Iyi ndikufuna muidziwe musanaipereke kwa mwana. Umadzuka uli loboti m'munda wokongola wa mabwinja, ndipo mawu ochokera kumwamba amadzitcha Elohim, amati ndiye anakulenga, uyende paliponse koma usakwere nsanja. Mukumva nokha kuti abwereka nkhani ya munda wa Edeni. M'makompyuta a m'mundamo muli wina amene amakufunsa mafunso okhadzula: munthu n'chiyani, makina angakhale ndi moyo, umamvera chifukwa chiyani? Ine sindinaione ngati yonyoza chikhulupiriro, ndinaiona ngati yofunsa moona mtima. Koma ndi mafunso oti mwana akhale ndi wamkulu wokambirana naye. Ilinso ndi chilema chimene ndimachiona m'magemu ambiri a mtunduwu: zilapi zake, za mabokosi ndi kuwala kolozetsa pa zitseko, n'zabwino kwambiri, nkhani yake n'jabwino, koma nthawi zambiri zili ngati nsima kwina ndiwo kwina. Mu Portal ndi Outer Wilds, chilapi ndiye nkhani yomweyo.

Ngati Chingerezi chili chotchinga, pali Machinarium, ya mu 2009, yochokera ku Czech Republic. Mulibe mawu ngakhale amodzi olankhulidwa kapena oti uwerenge m'nkhani yake. Maloboti amalankhula ndi tizithunzi totuluka pamutu. Kaloboti kakang'ono katayidwa kudzala kali zidutswazidutswa, ndipo ntchito yako yoyamba ndi kukapezera mwendo ndi mkono kuti kaimirire, kabwerere mumzinda. Zonse zojambulidwa pamanja, dzimbiri, mawaya, mapaipi odontha. Mwana aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya amaimva msanga. Ili ndi kababu pakona kokupatsa kachizindikiro kamodzi ukakanika, komanso buku la mayankho limene umayenera kulivutikira kaye kuti litseguke, njira yabwino yothandizira munthu osamulanda ulemu. Nayo ili ndi malo ake otopetsa, monga masewera ondandalitsa zinthu zisanu pamzere amene umayenera kupambana kuti upitirire. Cocoon ya mu 2023 nayonso ilibe mawu.

Zina ziwiri ndingozidutsa mwachangu. Magemu amenewa ndi a kamodzi. Chilapi ukachidziwa wachidziwa. Portal imatha pa maola atatu kapena anayi, pamene gemu ya mpira mungasewere zaka. Mukamawerengera ndalama, muwerengere ngati mukugula buku la nkhani, osati bolodi la bawo. Chachiwiri, ena amachita chizungulire ndi magemu amene umaonera m'maso mwa munthu wa m'gemumo. Mnzanga wina sanathe ngakhale mphindi khumi, anatuluka panja mutu ukuwawa. Zikamuchitikira mtsikana wanu, akhale patali pang'ono ndi sikirini, m'chipinda mukhale kuwala, ndipo asadzikakamize.

Chimene chimandikhala pamtima kwambiri ndi kupanda anthu. Taonani: mu Portal nyumba yonse ya sayansi ilibe munthu. Mu Outer Wilds a Nomai anafa. Mu Talos anthu anatha. Mu Stray, ya mu 2022, umakhala mphaka mumzinda wa maloboti okhaokha. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Kupanga anthu oyenda ndi olankhula n'kodula, komanso pakanakhala munthu ukanangomupempha kuti akutsegulire khomo, chilapi n'kufa. Koma kwa ife amene sitidutsana popanda moni, dziko la zii lotere limazizira. Ndipo ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023 kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, kuyenda m'mabwinja n'kumawerenga zimene anasiya omwalira si chinthu chopepuka. Outer Wilds imachita zimenezi mwaulemu, umapeza zolemba za ana, za okondana, za anzawo akusekana pa ntchito, ndipo umawalira ngati anthu. Ena amangowagwiritsa ntchito akufawo ngati zikwangwani zolozera kiyi.

Komanso tsogolo limene magemuwa amalota kawirikawiri mulibe ife. Ndinasangalala nditapeza Beautiful Desolation, ya mu 2020, yopangidwa ndi abale awiri a ku South Africa, a Bischoff, imene nkhani yake imayambira ku Cape Town ndipo dziko lake ndi la kumwera kwa Africa kuno. Ndi ya akuluakulu, si ya mwana wa Fomu 2, ndipo ina yawo yotchedwa Stasis ndi yoopsa ndi yamagazi. Ndaitchula kuti mudziwe kuti ntchitoyi ikuchitika pafupi. Sindileka kuganiza kuti phiri lathuli, ndi nthano zake za mizimu yosiyira anthu chakudya, ndi nkhungu yake, ndi mikungudza imene ikutha, likudikira mwana wina wa kuno kuti alisandutse gemu yotere.

Tibwere ku thumba. Portal ndi yakale moti malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amaikwanitsa. Portal 2 imafuna malo pafupifupi ma GB 8, ndiye muitsitse pa WiFi kapena ndi bandulo ya usiku. Outer Wilds ndi Stray zimafuna makina amphamvupo, ndipo Outer Wilds imakoma ndi padi kusiyana ndi kiyibodi. Machinarium imapezekanso pa Play Store, yogula, ndipo imayenda pa foni wamba. Ambiri amagulidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi khadi la kubanki lolipira kunja, zimene mukudziwa nokha mmene zikuvutira masiku ano. Musagule pa mtengo wathunthu. Chakumapeto kwa June ndi mu December mitengo imatsika kwambiri, ndipo Portal imafika potchipa zedi. Steam imabweza ndalama ngati mwasewera osakwana maola awiri ndipo sipanadutse masiku 14, ndiye mukagula yesani tsiku lomwelo muone ngati laputopu ikuikoka. Mukatsitsa, mutha kusewera popanda intaneti.

Yaulere yeniyeni iliponso. Beneath a Steel Sky, ya mu 1994, eni ake a Revolution Software anaimasula kuti ikhale yaulere mu 2003. Siifika ngakhale ma MB 100, ndipo imayenda ndi pulogalamu ya ScummVM pa kompyuta yakale iliyonse, ngakhale pa foni. Ndi ya munthu ndi loboti yake mumzinda wolamulidwa ndi kompyuta. Ili ndi Chingerezi chambiri ndi zilapi zina za mtundu wakale uja, ndipo munthu umatha kufa, ndiye kuseva pafupipafupi n'kofunika. Kuseva n'kofunika pa onse, poti batire la laputopu yakale silidikira magetsi akazima. Za magemu okopera pa fulashi kwa anyamata a m'misika, ndikupemphani muzipewe. Malaputopu ambiri amene amafika pa tebulo langa atadzaza mavairasi anadwalira kumeneko.

Funso lanu lomaliza, la sukulu. Sindikunamizani: Portal simukhozetsa JCE. Amene angakuuzeni kuti gemu ilowa m'malo mwa buku ndi mphunzitsi akufuna akugulitseni kanthu. Chimene ndaona ndi chaching'ono koma chenicheni. Mwana amazolowera kukhala ndi vuto osalithawa, kuganiza njira, kuiyesa, kuona kuti yakanika, n'kusintha chinthu chimodzi. Ndipo zina za fizikisi zimalowa m'manja zisanalowe m'mutu. Mu Outer Wilds ukaponda moto chombo chimapitirirabe ngakhale wazimitsa injini, ndipo kuti uime uyenera kuponda moto chobwerera. Aliyense amagunda pulaneti kangapo asanavomereze zimenezi. Tsiku limene mphunzitsi adzalembe lamulo loyamba la Newton pa bolodi, mwana ameneyo adzalizindikira ngati munthu amene anakumanapo naye. Mugulireni kope loti azilembamo zimene waona ndi zimene akuganiza. Nthawi yake muikeni malire, Loweruka ndi Lamlungu, ntchito za pakhomo ndi homuweki zitatha. Ku America Portal anaiika m'gulu la a zaka 13 kupita m'tsogolo chifukwa muli timakina toombera ndi timagazi pang'ono, pamene Portal 2 anaiika pa zaka 10.

Mumuuzenso ichi. Portal inachokera ku kagemu ka ophunzira a pa sukulu ya DigiPen kotchedwa Narbacular Drop, ka mu 2005. A Valve atakaona analemba ntchito gulu lonselo, ndipo amene anatsogolera ntchito ya Portal anali mtsikana wa m'gulu lomwelo, Kim Swift. Munthu amene umakhala m'gemumo, Chell, nayenso ndi wamkazi. Ndikufuna mwana wanu adziwe kuti chimene chamukopacho anachipanga ndi anthu ongotuluka kumene sukulu.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Portal yomweyo, poti ndi imene mtima wake wafuna, kenako Machinarium pa foni, Outer Wilds n'kuisungira akadzafika Fomu 4 Chingerezi chitakhwima. Madzulo oyamba mukhale naye pambali, ndipo mukaona yankho iye asanalione, gwirani pakamwa. Musanagule chilichonse, tsegulani Settings pa laputopuyo, pitani pa System kenako About, mundilembere RAM yake ndi dzina la purosesa, ndikuuzani imene ingayende. Kapena tsiku lina mukakwera minibasi ya ku Muloza, tsikani pa Chitakale nayo limodzi ndi chaja chake, mubwere ndi mtsikanayo, tidzaiyese pompano.